Diso Liyambire Pati?

Nkhani yokambidwa pa boma la Chama kwa achinyamata ophunzira kompyuta, aphunzitsi, alembi a mipingo ndi a magulu a alimi a mpunga

Ndilankhula m'Chinyanja kuti timvane tonse, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri mukafika kunyumba nkhaniyi mukaikamba m'Chisenga.

Mukatuluka muno mukayang'ane mbendera ya dziko lathu. Idakwezedwa koyamba pa 24 Okutobala 1964, ndipo adaijambula ndi mayi Gabriel Ellison, amenenso adajambula masitampa ambiri a Zambia. Mbali yaikulu ya nsaluyo ndi yobiriwira basi, yopanda mawu, yopanda chithunzi. Mizere itatu ija, wofiira, wakuda ndi wa olenji, adaiunjika pangodya imodzi, nkhwazi n'kukhala pamwamba pake. Maiko ambiri amaika chizindikiro chawo pakati pa mbendera kapena pafupi ndi mtengo. Ife chathu chili kumapeto, kumene nsalu imakupiza ndi mphepo. Tsopano tayerekezani ntchito imeneyi akadaipereka kwa ena a ife lero, pulogalamu ya Canva ili pafoni. Pobiriwira paja tikadaikapo mathithi a Mosi-oa-Tunya, mgodi wa kopa, phesi la chimanga, nkhope ya Kenneth Kaunda, ndi mawu oyamikira ufulu m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri. Chilichonse mwa zimenezi n'chabwino pachokha, koma nkhwazi ikadasowa.

Munthu akayang'ana tsamba, kaya ndi positala yomata pamtengo wa kumsika, kaya ndi chithunzi chofika pa WhatsApp, diso lake limafuna potera. Likapeza msanga, mwini diso amati tsambalo n'lokongola, ngakhale sangathe kufotokoza chakomacho. Likasowa potera limachoka. Choncho ntchito yanu inu oyala masamba ndi kusankha chinthu chimodzi choti diso liyambirepo, kenaka chachiwiri, kenaka chachitatu, ndi kulimba mtima kuti zotsalazo zichepe kapena zichokeretu. Zokongoletsa zina zonse zimabwera pambuyo pa chisankho chimenechi.

Titenge chidziwitso cha msonkhano wa alimi. Wodutsa panjinga akufuna adziwe kuti ndi msonkhano wanji, uliko liti, ndipo uchitikira kuti. Koma zidziwitso zambiri zimayamba ndi dzina lalitali la bungwe m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake bokosi la positi, kenaka moni, kenaka ndime yonse yolongosola, tsiku la msonkhano n'kubisala mumzere wachisanu ndi chiwiri. Imeneyo ndi kalata. Kalata munthu amawerenga atakhala pansi. Positala amaiwerenga ali chiimire, mwina mtolo uli pamutu. Olemba zikwangwani ali ndi kawerengedwe kawo: chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka bwino munthu ali pamtunda wa mamita 3. Choncho kuti munthu awerenge ali pamamita 10, chilembo chiyenera kufika masentimita 8. Pepala la A4 m'lifupi ndi masentimita 21 okha, zilembo zoterozo zingakwanepo zitatu kapena zinayi. Musalikakamize pepala la A4 ntchito ya chikwangwani cha pamsewu. Likhale ndi mawu awiri kapena atatu aakulu oimitsa munthu, zotsalazo akawerenge atayandikira.

Apa ndikudziwa chimene chikukuvutani mumtima, makamaka inu alembi a mipingo. Ndife anthu aulemu. Pa positala ya msonkhano wa chitsitsimutso pamakhala nkhope za abusa asanu ndi mmodzi, aliyense ndi amayi busa pambali pake, ndipo mlembi amaopa kuchepetsa ngakhale imodzi. Mantha amenewo sindikuwaseka. Amene adakhalapo mukomiti ya mpingo akudziwa mlandu umene ungabuke chithunzi cha wina chikachepa ndi chala chimodzi. Koma taganizani momwe timalemekezera wamkulu pabwalo. Pa mwambo wa Kwenje, Mfumu Yaikulu Kambombo mlendo amaizindikira msanga, ndipo sikuti ndi yotalika kuposa onse. Amaizindikira ndi malo amene yakhala, ndi mpata umene anthu asiya moizungulira. Papepala n'chimodzimodzi. Mlendo wolemekezeka muikeni pamwamba, payekha, pomuzungulira pakhale popanda kanthu. Adzaoneka wamkulu ngakhale chithunzi chake chisadzaze tsamba. Ena onse akhale mumzere umodzi, zithunzi zofanana msinkhu, mitu yawo yolingana. Akafanana onse palibe wodandaula. Zizindikiro za mabungwe othandiza nazonso ziikeni mumzere umodzi pansi, zofanana kutalika, ndipo pozikulitsa gwirani pangodya. Mukakoka cham'mbali, chizindikiro chozungulira chimasanduka dzira, ndipo eni ake amaona.

Mpata wopanda kanthu ndi umene umatipweteka kwambiri. Pepala tagula, inki tagula, ndiye tisiye bwanji pena poyera? Siyani ndithu. M'mphepete monse mwa pepala musiye zala ziwiri, chifukwa pulinta yambiri sifika kumapeto kwenikweni, ndiponso m'mphepetemo ndi mmene mumalowa msomali, guluu ndi zala za ana. Mkati mwa tsamba mpata ndi umene umauza diso kuti izi n'zamodzi, izo n'zina. Tsiku, nthawi ndi malo zikhale pafupipafupi; nambala ya foni ikhale patali pang'ono. Mukatero simufunanso mabokosi ndi mizere yambirimbiri yolekanitsa.

Za kulunjika kwa mizere ndikupatsani nkhani ya kutali. M'chaka cha 2000, pa chisankho cha pulezidenti ku America, boma la Palm Beach ku Florida lidakonza pepala lovotera la masamba awiri oyang'anana, maina kumanzere ndi kumanja, mabowo oboola voti ali mumzere umodzi pakati. Dzina la Al Gore lidali lachiwiri kumanzere, koma bowo lachiwiri lidali la Pat Buchanan wa kumanja. Buchanan adapeza mavoti 3,407 m'dera limene anthu samamuyembekezera, ndipo George W. Bush adapambana Gore ku Florida ndi kusiyana kwa mavoti 537 okha. Amene adayala pepalalo ankafuna kukulitsa zilembo kuti okalamba aziona bwino. Cholinga chinali chabwino. Yerekezani ndi pepala limene tidavotera kuno ku Chama North ndi Chama South pa 12 Ogasiti 2021: nkhope, dzina, chizindikiro cha chipani ndi bokosi, zonse mumzere umodzi wopingasa, kotero kuti ngakhale agogo osadziwa kuwerenga chala chawo chimatsata mzere osasochera. Mndandanda wa mitengo pasitolo, ndandanda ya maphunziro kusukulu, pulogalamu ya ukwati, zonsezi zimafuna mwambo womwewo. Sankhani mzere umodzi wosaoneka, kawirikawiri wa kumanzere, ndipo chilichonse chiyambire pamenepo. Kuika mawu pakati kusiyireni mutu ndi makhadi a ukwati. Ndime yaitali yoikidwa pakati imatopetsa, poti mzere uliwonse umayambira pakepake.

Tibwere ku zilembo. Mitundu iwiri pa tsamba limodzi yakwana: umodzi wa mitu, wina wa nkhani. Zilembo zopiringizika zonga zolemba pamanja zikhale pa maina a mkwati ndi mkwatibwi basi. Nambala ya foni yolembedwa motero palibe angaiimbe. Ndipo musalembe ndime yonse m'zilembo zazikulu poganiza kuti imveka kwambiri. Pamene dziko la Britain linkakonza zikwangwani za misewu yake kuyambira 1957, Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, mayi wobadwira ku South Africa, adaumirira kusakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa mawu otero amakhala ndi maonekedwe akeake, zilembo zina zokwera, zina zotsika, ndipo woyendetsa galimoto amawazindikira asanawawerenge n'komwe. Mawu a zilembo zazikulu zokhazokha onse amaoneka amakona anayi.

Pali zina zimene mabuku ochokera kunja sangakuuzeni, chifukwa ndi za zilankhulo zathu. Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sitidzakulandiraninso" lili ndi zilembo 21. Mukauza kompyuta kuti ilinganize ndime mbali zonse ziwiri, monga m'nyuzipepala, ndimeyo ili yopapatiza, imatambasula mipata pakati pa mawu mpaka tsamba kuoneka long'ambika. Linganizani kumanzere kokha. Mukailola kudula mawu yokha, imadula mwa malamulo a Chingerezi, n'kulekanitsa n ndi kh, kapena kusiya ng' opanda kachizindikiro kake. Kwathu liwu limaduka pambuyo pa lembo la liwu: mpu-nga, chi-ma-nga, Ka-mbo-mbo. Zimitsani kudula kwa makinako, mudule nokha pofunika. Ndiye pali ŵ, chilembo chimene olemba Chitumbuka amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga mu ŵanthu ndi ŵana. Mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa ilibe chilembo chimenechi. Pamalo pake pamatuluka kabokosi, kapena kompyuta imabwereka ŵ wa mtundu wina amene amaonekera ngati mlendo pakati pa liwu. Musanakonde mtundu wa zilembo, yambani mwalemba ŵ ndi Ŵ muone. Chinanso, zitsanzo zokonzeratu za mu Canva adaziyeza ndi mawu aafupi a Chingerezi. Mukaikamo athu amasefukira, ndipo ambiri amathamangira kuchepetsa zilembo. Chepetsani mawu, zilembo zisiyeni.

Tsopano za mitundu ya utoto. Amayi amene mumapita kusikelo ya ana mukukadziwa kalamba koyezera mkono wa mwana: kofiira pansi pa masentimita 11.5, kachikasu mpaka 12.5, kobiriwira kupitirira apo. Pakalambako utoto uliwonse uli ndi chonena, ndipo mayi amamva asanauzidwe. Timatumba ta ndalama za pafoni n'chimodzimodzi: mukaona kofiira patali mukudziwa kuti ndi Airtel, kachikasu ndi MTN, kobiriwira ndi Zamtel. Makampani amenewa ali ndi ndalama zogulira utoto wa mitundu yonse, koma aliyense adagwira umodzi. Inunso sankhani mtundu umodzi waukulu, wina wothandizira, kuonjezera chakuda ndi choyera.

Koma utotowo muuyese kumene ukagwire ntchito. Kuno kuchigwa cha Luangwa dzuwa la Okutobala silichita chibwana. Inki yofiira ndi yachikasu ndi imene imayamba kufwifwa, n'chifukwa chake mapositala akale onse amatsala abuluu. Tsiku ndi nambala ya foni mukazilemba zofiira, ndiye zoyamba kuchoka, zilembeni zakuda. Inki ya pulinta ya madzi imasungunuka ndi mvula yoyamba, pamene ya ufa, ya laser kapena ya makina a fotokope, imapirira. Ndipo poti ndalama zosindikizira zamitundu sizikwana nthawi zonse, positala yanu yokongola ija mawa wina akaichita fotokope. Chofiira ndi chobiriwira zikalowa m'makina amenewo zimatuluka zotuwa mofanana, mawu n'kumira. Pali amuna enanso amene chibadwire sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Choncho musanasindikize zambiri, tulutsani imodzi yakuda ndi yoyera. Ngati ikuwerengeka, yamitundu idzawerengekanso. Bungwe la W3C, limene limaika miyezo ya masamba a pa intaneti, limati kuwala kwa mawu ndi kwa pamene akhalapo kusiyane ndi 4.5 kwa 1 kapena kuposa. Chakuda pa choyera ndi 21 kwa 1. Chachikasu pa choyera sichifika ngakhale 2.

Pa zithunzi ndinena mwachidule. Chimodzi chachikulu chimaposa zisanu zazing'ono. Chikhale cha kuno: dambo lathu, manja a mlimi wathu, mutamupempha chilolezo. Minda ya mpunga ya m'mapiri a ku Asia imene mumatenga pa intaneti aliyense amaiona kuti si Chama. Jambulani mmawa kapena pamthunzi, kuwala kukugwa pankhope. Masana dzuwa lili paliwombo maso amalowa mumdima. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkayeza mitundu ya zithunzi ndi khadi la nkhope ya mzimayi wachizungu, ndipo khungu lakuda linkatuluka lopanda tsatanetsatane. Opanga mafoni a Tecno ndi Itel adatchuka mu Africa mwa zina chifukwa chokonza makamera awo kuti azigwira bwino khungu lathu. Ndiye musaliyeretsenso ndi zosefera mpaka abusa asazindikirike ndi nkhosa zawo. Mawu musawaike pamwamba pa chithunzi chodzaza zinthu. Apatseni malo awoawo.

Chopita pafoni muchiyese pafoni, ndipo foniyo ikhale yaing'ono, yagalasi losweka, mutaimirira panja masana. Pa kompyuta ya muofesi chilichonse chimakoma. Chithunzi cha pa status ya WhatsApp chikhale choimirira, 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, pamwamba ndi pansi musiye popanda mawu poti WhatsApp imaikapo zake. Kumbukiraninso kuti WhatsApp imapanikiza chithunzi kuti chipepuke, ndipo chikajambulidwanso pasikirini n'kutumizidwa kangapo timawu tating'ono timasanduka phala. Netiweki ya kumidzi ya kwa Chifunda kapena kwa Chikwa si ya ku Lusaka, ndipo bandulo ndi ndalama: fayilo yolemera anthu saitsegula.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya mpunga. Dzina la boma lino limadziwika m'masitolo a ku Lusaka chifukwa cha mpunga wonunkhira wa m'madambo athu. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis adayambitsa m'chigwa cha Luangwa m'chaka cha 2003 kuti osaka nyama mozemba atule mfuti ndi misampha n'kuyamba ulimi, limagulitsa mpunga umenewu m'mapaketi a It's Wild! olembedwa dzina la Chama. Kutsidya kwa malire, alimi a ku Karonga adachita zofanana ndi mpunga wa Kilombero, umene udafika mpaka ku Scotland uli m'mapaketi. Koma mpunga wambiri wa kuno umachoka m'matumba opanda dzina, wogulidwa pa meda, ndipo amene amaupakira ndi kuulemba dzina kutsogoloko ndiye amadya phindu lalikulu. Magulu a alimi amene mukuganiza zopakira nokha, mwina ndi ndalama za chitukuko za CDF, lebulo ndi gawo la malonda anu monga momwe chilili chigayo.

Ganizirani wogula ali m'sitolo ku Chipata. Waima mita imodzi kuchokera pashelefu, pamaso pake pali mpunga wa ku Mongu, wa ku Nakonde ndi wochokera kunja. Chimene muli nacho inu chimene enawo alibe ndi dzina la Chama. Limenelo ndilo likhale lalikulu, loti liwerengeke munthu asanatambasule dzanja. Chachiwiri ndi kulemera kwake, 1 kg, 2 kg kapena 5 kg, pangodya yomweyo pa paketi iliyonse. Chachitatu ndi dzina la gulu lanu. Dzina la gulu mumalikonda, ndikudziwa, mudakangana masiku ambiri polisankha, koma wogula wa ku Chipata sanalimvepo. Adzaliphunzira akaukonda mpungawo. Ngati pulasitiki ndi yoonekera mkati, lebulo isaphimbe paketi yonse. Wogula mpunga amafuna aone njere, kutalika kwake, kuyera kwake, ndi kuchuluka kwa zosweka. Palibe chithunzi chimene chingagulitse mpunga wabwino kuposa mpungawo. Lebulo ya utoto umodzi papepala loyera imatsika mtengo posindikiza, ndipo pashelefu yodzaza mapaketi ophatikiza mitundu yambiri, yodekha ndi imene imaonekera.

Kuseri kwa paketi ndi kwa lamulo. Lamulo loteteza ogula la 2010, limene amaliyang'anira a bungwe la CCPC, limafuna kuti katundu wogulitsidwa m'Zambia akhale ndi lebulo yosonyeza dzina la katunduyo, zimene zilimo, tsiku lopangidwa ndi lothera ntchito, dzina la wopanga, kumene ali, ndi nambala ya foni. Zimenezi zikhale m'zilembo zazing'ono koma zowerengeka, zoyalidwa mumzere umodzi wa kumanzere, ndipo musiye kabokosi koyera kodindapo masiku kuti musamasindikize malebulo atsopano pa gulu lililonse la mpunga. Dzina ndi chizindikiro chanu mukalembetse ku bungwe la PACRA musanasindikize zikwi za malebulo. Ndipo paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Lebulo imagulitsa paketi yoyamba yokha. Wogula akaluma mwala, lebulo yokongola yomweyo ndi imene idzamuthandize kukuzindikirani kuti akupeweni.

Potumiza ntchito kosindikiza samalani. Zikwangwani zazikulu ndi malebulo ambiri mumatumiza ku Lundazi kapena ku Chipata, ndipo Chipata ili pamtunda wa makilomita opitirira 300. Cholakwika chikazindikirika katundu atafika kale pa basi, ndalama zapita. Tumizani PDF, chifukwa fayilo ya Word kapena ya CorelDRAW ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda mtundu wa zilembo zanu, mizere yonse imasuntha. Pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti isapanikizidwe. Zithunzi zosindikiza papepala logwira m'manja zikhale za madontho 300 pa inchi. Ngati utoto ukufika kumapeto kwa pepala, upitirire mamilimita 3 kuti mpeni podula usasiye kamzere koyera. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pulinta imapanga ndi inki zinayi, choncho buluu wowala ndi wobiriwira wonyezimira amatuluka ozilala. Pemphani akutumizireni chithunzi cha imodzi yoyesera asanatulutse zonse. Ndipo wina amene sadalembe nawo awerenge mokweza tsiku, mtengo ndi nambala ya foni.

Fayilo yoyamba, yotheka kusintha, muisunge malo awiri. Ife a ku Chama tili ndi chifukwa chapadera. M'chaka cha 2011 boma lino lidachotsedwa ku chigawo cha Kummawa n'kuikidwa ku Muchinga; m'chaka cha 2021 lidabwezedwa Kummawa. Mitu ya makalata, zidindo ndi zikwangwani za sukulu zidafunika kusintha kawiri m'zaka khumi. Amene adasunga fayilo adasintha liwu limodzi. Amene adangosunga chithunzi adayambiranso.

Tikabwerako ku nkhomaliro tigawana m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse litenge chidziwitso chimodzi mwa zimene mwabwera nazo, lichotsepo theka la mawu, lisankhe mawu atatu oti akule, ndipo lisaonjezepo chokongoletsa chilichonse. Tikazimata pakhoma la panja, chakale ndi chatsopano moyandikana, ndipo tikapempha amayi ogulitsa pamsewupa atiuze ali pamalo awo kuti msonkhano uliko liti.